Mwatitha ndi Chiwirawira cha M'mapanga a Nthunzi

Izi si za kale kwambiri ayi. Magetsi anali atafika kale pa Kamphata, ngakhale kuti m'nyumba ya mayi Nangozo munali soketi imodzi yokha.

Soketiyo anailanda ndi Dziwani, mwana wawo woyamba. Iye anagula kompyuta yakale kwa munthu wina wongodutsa, ndipo munali gemu imodzi basi: mapanga a pansi pa dziko, odzaza ndi makina oyendera nthunzi, ndipo kunsi kwenikweni kunkakhala Chiwirawira, chilombo cha mitu isanu. Wogulitsayo anasiya lamulo limodzi, lomwe Dziwani ankalibwereza kwa mlongo wake wamng'ono mpaka kumutopetsa.

"Iwe Mwatitha, ndikamasewera usazule pulagi. Kaya nyumba ikupsa, usazule."

Mwatitha anali mwana uja amakumbukiridwa madzi akatha mumtsuko. Masana ena anafuna kusita yunifolomu. Anapempha soketi ija, achimwene ake osacheuka. Anapemphanso, zii. Mtima unamuwawa, ndipo anawerama n'kuzula pulagi ija, nalowetsa ya ayironi. Atatembenuka anapeza pampando palibe munthu. Panangotsala mapatapata pansi ndi kafungo ka malasha.

Apa ndi pamene analakwa kachiwiri, ndipo kulakwa kumeneku kunaposa koyamba: anakhala chete. Anthu anasaka kudambo, kuchipatala, kwa achibale akutali. Mayi Nangozo analeka kudya. Mwatitha akawatengera phala, iwo ankamugwira mkono n'kumati, "Wanditsalira ndiwe wekha, mwana wabwino," ndipo iye ankathawira kuseri kwa nyumba chifukwa cha manyazi. Tsiku limene anamva amalume ake akukambirana zokaika thunthu la nthochi m'manda m'malo mwa mtembo, sanathenso kupirira. Anabwezera pulagi ija, anagwira galasi la kompyuta, ndipo linamumeza.

Kunena chilungamo, amene anamanga dziko limenelo anali ndi luso. Mapaipi a mkuwa ankayanga padenga ngati maungu. Mawilo a mano, aakulu kuposa nyumba, ankazungulira mwaulemu, milatho ikudzikweza yokha, nyali zobiriwira zikuwala mu nthunzi. Mwatitha anangoti kukamwa yasa. Koma lusolo linawathera panjira. Phanga lachiwiri linali ngati loyamba, lachitatu chimodzimodzi, mpaka mng'alu wa pakhoma womwewo. Alonda achitsulo ankayenda kuchoka pa mzati uwu kufika pa mzati uwo n'kubwerera, osacheuka n'komwe, moti ngakhale mwana wokwawa akanawazemba.

Ali m'njira anamva mawu. "Mtsikana iwe, tandikoka!" Anali namzeze wa mkuwa, mutu uli kunja, thupi litakanirira m'khoma. "Omanga anandiiwala muno."

Mwatitha anamukoka mpaka anatuluka.

"Ukufuna mnyamata uja?" anafunsa namzeze. "Dziko lino litazima iye anali pakati pa nkhondo, ndiye anagwidwa. Pano ndi wosonkhezera moto wa Chiwirawira, ndipo tsiku lililonse thupi lake likusanduka mkuwa. Nanga iwe unali kuti masiku onsewa?"

Mwatitha anangoyambapo ulendo.

Anatsika limodzi mpaka pa chitseko chachikulu, ndipo chitsekocho chinalankhula ndi mawu a bingu. "Ndimakhala pamoto osapsa, ndimamwa osameza, ndikakhuta ndimaimba. Ndine yani?"

"Ketulo," anatero Mwatitha.

"Chimafunsa zomwezo kwa aliyense," ananong'ona namzeze, chitseko chikutseguka.

M'katimo ndiye munali Chiwirawira. Mimba yake inali ngati thanki ya madzi a mudzi wonse, miyendo ya njanji, mitu isanu pa makosi a mapaipi, ndipo mutu uliwonse unkalavula nthunzi yosupula khungu. Pansi panali mbwee malupanga othyoka a anthu amene anayesa kudula mitu, pakuti ukadula umodzi, nthunzi inkatulutsa mutu wina pomwepo. Kunsi kwa mimbayo kunali Dziwani, mkuwa mpaka m'khosi, akuponya malasha ndi fosholo, maso ali gwa.

Mwatitha anabisala n'kuonetsetsa. Mutu woyamba unalavula, wachiwiri, mpaka wachisanu. Kenako chilombo chonse chinaima n'kuimba mluzu kudzera pa kapaipi ka pamsana. Chinayambiranso chimodzimodzi, osasintha ngakhale pang'ono. Tsono mayi ake ankatcheza kachasu, ndipo mwana aliyense wa pakhomo lotere amadziwa chimene chimachitikira mphika paipi ikatsekeka moto uli lawilawi.

Anang'amba chitenje chake, anachikanda m'matope a phulusa, nadikira. Mutu wachisanu utangolavula, anathamanga, anakwera pamsana potentha, natsindira nsanza ija m'kapaipi mpaka zala zinatuluka matuza.

"Achimwene, onjezani malasha!"

Dziwani sanamuzindikire, koma fosholo ndiyo inali ntchito yokha imene ankaidziwa. Anaponya, anaponyanso. Chiwirawira chinafuna kuimba mluzu, osatheka. Mimba inatupa, misomali inayamba kuthothoka, mitu inaluma mpweya. Mwatitha anadumpha n'kumugwetsera mbale wakeyo kuseri kwa mulu wa malasha. Phuu! Mitu isanu ija inauluka uliwonse kwake, ndipo mapanga onse anangoti zii.

Koma Dziwani anali akadali mkuwa.

"Munthu woimitsidwa amadzuka akamva chimene chinamuimitsa," anatero namzeze.

Chilombo sichinamuopse Mwatitha ngati mmene anaopera izi. Anagwada.

"Achimwene, magetsi sanazime okha. Ndinazula pulagi ndine, chifukwa cha yunifolomu. Ndipo anthu akukusakani, ine ndinakhala chete."

Mkuwa unayamba kusendeka ngati makungwa: khosi, chifuwa, miyendo. Dziwani anapuma, namuyang'ana nthawi yaitali. Dzanja lamanzere lokha silinasinthe.

"Limenelo linakhwima," anatero namzeze. "Ndi limene linayamba. Ukanabwera msanga bwenzi litabwerera."

Namzeze anawaulutsa mpaka pa galasi, ndipo anatulukira m'nyumba mwawo anthu atasonkhana kale pabwalo kudzayamba maliro. Kulira kunasanduka nthungululu. Dziwani anafotokoza mmene mlongo wake anaphera Chiwirawira, ndipo anyamata anamunyamula Mwatitha m'mwamba akuimba dzina lake, dzina limene ena anali kulimva koyamba.

"Koma unagwidwa bwanji, mphwanga?" anafunsa amalume.

Dziwani anakweza maso kwa mlongo wake. "Magetsi anangozima, amalume."

Onse anagwedeza mitu, pakuti magetsi amazimadi. Mwatitha analira ali pamapewa a anthu, iwo n'kumayesa ndi chimwemwe. Ali m'mwambamo ankaona mayi ake atagwira dzanja la mkuwa lija m'manja mwawo.

"Lazizira bwanji, mwanangu," anatero mayi Nangozo, ndipo anayamba kulisisita kuti lifunde.