Galu wa a Bweranimawa

Mumsewu wina munali mmisiri wa matabwa wa manja odala. Mpando wokhoma iye sunkalira ngakhale pakhale munthu wonenepa chotani. Vuto lake linali pakamwa. Aliyense wodzatenga katundu wake ankamva yankho limodzi, mpaka anthu a mumsewumo anangomutcha a Bweranimawa. Iye ankangoseka, nkumati ntchito yabwino sathamangira.

Pakhomopo panali galu wamphongo wofiirira, dzina lake Alekeni. Masana ankagona pa utuchi kunsi kwa benchi yopalira matabwa, mutu atatsamiritsa paphazi la mbuye wake.

Tsiku lina galimoto ya a zaziweto inadutsa ikulengeza pa chimkuzamawu kuti aliyense woweta galu akamubayitse katemera wa chiwewe. Inatinso agalu onse azikhala omangirira kapena otsekeredwa kumpanda, ndipo wopezeka akuyendayenda agwidwa.

"Abambo, mwamva?" anafunsa mkazi wake.

"Ndamva. Ndimalize kabatiyu, mawa ndipita naye."

"Nanga chibowo cha kumpanda chija? Galuyutu akutulukira pomwepo."

"Thabwa limodzi basi. Nachonso mawa."

"Inu mudzachedwa ndi pa maliro anu omwe," anatero mayiwo akulowa m'nyumba.

Mawa lija linapeza kabati wina. Obaya katemera anapasula tenti yawo, nkupita dera lina, Alekeni asanabayidwe.

M'mawa wina galuyo anabwera khutu litang'ambika, pakhosi pali bala. Mayi woyandikana nawo anasuzumira pampanda. "Amisiri, ndamuona akulumana ndi galu wachilendo, wowonda, dovu lili chuchuchu kukamwa. Pitani nayeni kwa dokotala wa ziweto lero lomwe."

Mmisiri anangotsuka balalo ndi madzi amchere. "Galu amadzichiza yekha ndi lilime," anatero. Bala linapoladi, ndipo nkhani inaiwalika.

Patapita masabata angapo kunabwera mwana wawo wamkazi, woyamba kubadwa, ali ndi pakati potopa. Mwamuna wake anali dalaivala wa malole a maulendo ataliatali, choncho anamusiya kwa makolo kuti tsiku lake lisadzamupeze yekha. Mmisiri anasangalala mpaka anayamba kukhoma kabedi ka mdzukulu popanda womukakamiza.

Ndi masiku omwewo pamene Alekeni anasintha. Anasiya kudya. Ankabisala kumdima, kuseri kwa matabwa, nkumaluma m'malere ngati akugwira ntchentche zosaoneka. Akauwa, mawu ankatuluka osasa, ngati a galu wina. Mmisiri anaziona zonsezi. Anakumbukira mawu a mayi woyandikana nawo aja. Koma akapita naye tsopano akanena chiyani, popeza lamulo analiswa kale? Akamulanda galu, nkumuyalutsa pagulu. Anaganiza zomuonako kaye tsiku limodzi, ndipo sanauze munthu.

Tsiku limodzilo silinathe. Ali mkati mocheka thabwa, anamva kukuwa kuseri kwa nyumba. Anataya sowo nkuthamanga. Mwana wake anali pansi pa chingwe choyanikapo zovala, matewera atsopano ali mbwee m'fumbi, dzanja limodzi litagwira mimba, lina mwendo. Magazi ankatuluka pakatumba. Alekeni anaima chapatali, miyendo ikunjenjemera, maso ngati sakumudziwa aliyense.

"Ababa, sindinamupute," analira mwanayo. "Ndimangoyanika."

Mmisiri anakankhira galuyo mushedi ndi thabwa lalitali nkutseka chitseko. Mayi woyandikana nawo anafika ndi sopo, nkutsuka balalo pampopi kwa nthawi yaitali.

Kuchipatala namwino anafunsa mafunso awiri okha. "Galuyo ndi wa ndani?"

"Ndi wanga."

"Anabayitsa katemera?"

Mmisiri anapukusa mutu. Mkazi wake anamuyang'ana, kenako anayang'ana kumbali.

Namwino anati mankhwala oteteza ku chiwewe anatha pachipatalapo, athamangire kuchipatala chachikulu. M'galimoto ya hayala, bampu iliyonse inkamubaya mmisiri mumtima. Kumeneko mankhwala anapezeka, koma mwana wake anabweza mkono. "Nanga mwana ali m'mimbayu, adokotala?"

"Jakisoniyu samuvulaza," anayankha dokotala. "Chimene chingakutengeni nonse awiri ndi kuchedwa. Ndipo musadzajombe tsiku lililonse limene takuuzani kuti mubwerenso. Matendawa akangoonekera, ife tilibenso chochita."

A zaziweto anadzatenga Alekeni m'chikhola chachitsulo. Sanakhalitse, anafera komweko, ndipo atamuyeza anapeza chiwewe. Mkulu wawo anauza mmisiri kuti akayankha mlandu wosunga galu wosabayitsa ndi kumulekerera. A zaziwetowo anayenda khomo ndi khomo kufunsa ngati pali mwana amene ananyambitidwa kapena kukandidwa. Kuyambira pamenepo makolo ankakoka ana awo akamadutsa pageti pa mmisiri.

Mlanduwo sunkamuopsa kwenikweni. Chinkamudya chinali kudikira. Anali atamva kuti wodwala chiwewe amaopa madzi, ndiye mwana wake akanyamula kapu, iye ankasiya kupuma mpaka aone kuti wameza. Akati mutu ukuwawa, mmisiri ankatuluka thukuta. Akakanda pabala, ankafunsa, "Pakuyabwa? Pakuchita dzanzi?" mpaka mwanayo anati, "Ababa, mukundiopsa. Chokani pano."

Mkamwini atabwera ku ulendo, sanakweze mawu. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja.

"Bambo, ndinakusungitsani anthu awiri."

"Ndikudziwa, mwana wanga."

"Galuyo munamuona kuti wasintha?"

Mmisiri akanatha kunama, pakuti panalibe mboni. Anagwetsa nkhope. "Ndinamuona."

Mkamwiniyo analongedza zikwama nkutenga mkazi wake kupita naye kwa mlongo wake. Majakisoni otsala anakamalizira kumeneko, ndipo mmisiri ankamva za mwana wake kudzera mwa mkazi wake basi.

Tsiku lochira litafika, palibe anamuitana, koma anapita. Anakhala pabenchi ya panja pa chipinda cha amayi oyembekezera, dzuwa likumuwotcha, osayerekeza kulowa. Chitseko chikatseguka ankadzambatuka, nkukhalanso. Pomaliza anatuluka mkamwini uja, maso ali ofiira. 

"Ndi wamkazi," anatero mkamwiniyo. "Onse ali bwino. Adokotala akuti zoopsa zija zadutsa."

 Mmisiri anagwa chogwada, manja pasimenti, misozi ikudontha, anthu odikira odwala akumuyang'ana. Mkamwini anazengereza pang'ono, kenako anawerama nkumugwira mkono.

"Dzukani, bambo. Akuti mulowe mudzamuone. Koma zoti adzagonenso kwanu, musandifunse msanga."

Anthu a mumsewu uja amaikambabe nkhaniyi munthu akati za katemera wa galu aziona mawa. Amati akuluakulu sananame: zengerezu adalinda kwawukwawu.