Gologolo ndi Uvuni wa Fisi

A Kadzuwa ndi a Mposa amapalasa kabaza pa siteji imodzi, koma pa nkhani ya Gologolo sagwirizana. A Kadzuwa amati anali ngwazi. A Mposa amati, "Ngwazi yanji, chigawenga chija!" Ine ndinawamvetsera onse, ndipo mbali yomwe satsutsana ndi iyi.

Khonsolo ya nyama inagwirizana zomanga shedi yoimikamo njinga pamsika. Wapampando Njovu analetsa njerwa zootcha, poti zikutha mitengo. Ntchitoyo anapatsa Fisi. Koma Fisi anaumba njerwa zake kuseri kwa chulu, kuti akaotcha azipake simenti zioneke ngati mabuloko. Chinamusowa ndi nkhuni. Diso lake linagwera pa mkuyu wa pamsika, womwe m'mphako yake munali ana a Gologolo osatsegula n'komwe maso.

Fisi anatuma Nyani ndi nkhwangwa.

"Achimwene, musavutike ndi tsinde," anatero Gologolo. "Temani apo pakung'ung'udzapo, ndi pofumbwa."

Nyani anatema. Njuchi zinamuphimba kumaso, nkhwangwa inamugwera paphazi n'kudula chala. Anathawa akugubuduzika.

Fisi anatuma Njiri kuti akakumbe mizu.

"Malume, thukuta lonseli?" anatero Gologolo. "Ndikumangeni chingwe m'chiuno, uku ndimange kumuzu, inu mungokoka."

Uko anamanga ku kaliyala ya njinga ya Mbidzi, yemwe anali atangokweza kasitomala wachangu. Njiri anakhwekhwerezedwa pamiyala mpaka pamlatho, khungu la m'maondo linatsala mumsewu.

Kenako Fisi anabwera yekha, mano ali gwa.

"Bwana kontirakita," anakuwa Gologolo ali panthambi, "a Njovu alowera kuchulu, akuti akayendere ntchito!"

Fisi anathamangira ku uvuni wake, Gologolo ali pambuyo.

"Mayo! Ndibisale pati?" analira Fisi.

"Lowani m'khomo la uvunimo, ine ndikutsekerani ndi udzu."

Fisi atalowa, Gologolo anatseka, n'kukhwatcha machesi.

Fisi anatumphuka mu udzumo msana ukuyaka. Anathamangira pamsika akulira, n'kukadzigwetsa pakati pa njinga zotsamira mkuyu. Matayala anagwira moto. Njinga ya Bulu, yomwe ankadyetsera ana ake, inatsala mafupa okhaokha, ndipo mwini wake anapsa miyendo poikoka.

Apa ndi pomwe anthu awiri aja amasiyanirana.

"Wina akufuna kusandutsa ana ako nkhuni zootchera njerwa, iwe uzikagogoda ku khonsolo?" amatero a Kadzuwa.

"Nanga Bulu analakwanji, ankolo?" amayankha a Mposa. "Njovu anali pomwepo, pakamwa Gologolo anali napo. Kamakondwa n'kuona anzake akutuluka magazi, basi."

Ine ndimaona kuti onse akunena zoona. Mtengo ukanagwa Gologolo akanangokhala chete. Komanso machesi aja sanali ofunika.

Moto utazima, Njovu anamutola Gologolo ndi chitamba, n'kumuzunguza ndi mchira mpaka ubweya unayoyoka. Kenako anagamula. Uvuni anaupondaponda. Fisi anamupirikitsa m'tauni ndi mabala ake. Shedi anaifafaniza: anati angozika zitsulo zokolekapo njinga pansi pa mkuyu, poti mthunzi ulipo kale, wosalira njerwa.

"Mtengo ukhala, ana ako akhala," anatero akuponyera Gologolo m'nthambi. "Koma iwe, tsiku lomwe udzaponde dothi la pamsika uno, ine ndidzaponda iwe."