Galimoto Yozima Pamphambano

Pakhomo pa makaniko mpamene galimoto imadwala osachira. Mukakayika kafunseni mayi uja ankanyamula ana asukulu m'mawa uliwonse, mkazi wa makaniko wina, bambo amene anthu anangowatcha kuti a Sipanala.

Mayiyu anali ndi kagalimoto kake kakalekale, ndipo mabanja asanu anamukhulupirira kuti aziwaperekezera ana kusukulu. Ndiye kagalimotoko kanayamba khalidwe lachilendo. Pamsewu kankathamanga ngati kalibe mlandu, koma iye akangoti achepetse liwiro pamphambano kapena pahampu, injini inkanjenjemera, kenako zii, yazima. Lolemba anachedwa mpaka ana anakapeza geti la sukulu litatsekedwa. Masana ake mayi wina, amene ankayankhulira makolo anzake, anamuimbira foni osapita m'mbali: "Lachisanu ana ali ndi mayeso. Mukadzachedwa tsiku limenelo, ife tipeza galimoto ina."

Anapita kwa amuna ake, nawapeza akupukuta girisi m'manja.

"Abambo, galimoto ija ikuzima ndikamaima. Ndipo ndikangoponda..."

"Mapulagi amenewo."

"Dikirani kaye ndimalize. Ndimati ndikangoponda..."

"Mayi, zaka makumi awiri ndili kunsi kwa magalimoto ine. Inu yanu ndi chiwongolero, za injini tisiyireni eni ake."



Tsono a Sipanala anali ndi kayesedwe kawo. Ankatsegula boneti galimoto ili chiimire pabwalo, wailesi ya m'galaja ikusokosera, n'kumakoka waya wopatsira injini moto ndi dzanja mpaka nkhuku za aneba kuthawa. Injini ikabangula, iwo ankamwetulira, n'kumenya boneti ndi chikhatho. "Yachira! Kayendeni." Kukhala pampando wa dalaivala ayi, kuzungulira nayo ngakhale kamsewu kakuseri ayi, kufunsa woyendetsa ndiye kunali ngati kudzitukwana.

Lachiwiri, ndi mapulagi atsopanowo, galimoto inazima katatu. A Sipanala anati ndi fyuluta ya mafuta, naisintha. Lachitatu inazima pakati penipeni pa mphambano, madalaivala a kumbuyo akuimba mahutala ngati kuli ukwati, wina mpaka kutulutsa mutu pawindo: "Amayi, laisensi munatola kuti?" Ana kumbuyo anangoti gwaa kuseka, mayi misozi ili m'maso chifukwa cha ukali. A Sipanala anati ndi kabuleta yada, naimasula yonse, naitsuka ndi petulo, tizitsulo tili mbwee pathebulo lodyera.

"Abambo, ine ndatopa nazo," anatero mayi Lachinayi. "Pali kaphokoso kena kamene..."

"Galimoto yakale silephera kaphokoso. Inunso mawondo anu aja salira mukamadzuka?"

Anaseka okha. Mayi anatuluka panja kuopa kuti angayankhe zoti apongozi adzachite kubwera kudzaweruza.

Lachisanu anadzuka molawirira, natenga ana onse nthawi ikadalipo. Pahampu yoyamba inazima, nailiza. Yachiwiri inazimanso, nailiza movutikira. Atafika pamphambano yaikulu inazima kachitatu, ndipo atapotokola kiyi inangoti ke-ke-ke, basi. Batire linali litatopa ndi kulizaliza kwa sabata yonse, nanga ndi chitsulo chanji chosatopa? Ana anayamba kulira za mayeso. Mayi anaimika kabasi kena konyamula ana komweko, napempha mwini wake mochita kugwada, ndipo anawo anakwera iye akuona. Foni ya makolo sinachedwe. Mawu ake anali ochepa: "Lolemba musavutike kubwera."

Mayi atawaimbira foni, a Sipanala anafika panjinga yamoto atanyamula batire lina. Atalimangirira, injini n'kulira, anatulutsa sikuludiraiva kuti ayambirenso kabuleta. Apa mayi anatseka boneti ndi manja ake awiri, anthu odutsa mpaka kutembenuka.

"Lero mundimva. Lowani mukhale pampandopo."

"Mayi, pagulu pano..."

"Pagulu pomwe pano mpamene ndakhala ndikuchita manyazi sabata yathunthu. Khalani! Tsekani chitseko, tsekaninso pakamwa. Tsopano pondani buleki."

A Sipanala anaponda. Kuchokera chakumapazi kwawo kunamveka kamluzu, fyiii, ngati tayala likuphwa, injini n'kunjenjemera, n'kuzima. Anailizanso, napondanso. Fyiii, zii. Nkhope yawo inagwa. Anatuluka mwakachetechete, natsegula boneti, nalondola paipi ya labala yochokera kuchimphika cha mabuleki kupita kuinjini. Kumapeto kwake inali itang'aluka. Munthu akaponda buleki mng'aluwo unkayasama, injini n'kumeza mpweya wosayenera. Pothamanga sinkamva kanthu, koma poima mpweyawo unkaposa mafuta, ndiye inkazima. Pabwalo paja sinkazima chifukwa palibe ankaponda buleki.

Anadula kong'alukako ndi kampeni ka m'thumba, nabwezera paipi, namanga. Mphindi zisanu sizinakwane. Injini inayamba kuguguda mofatsa, ngakhale aponde buleki chotani.

Kenako bambo uja, m'malo mongokhala chete, anakanda m'mutu n'kunena kuti, "Koma mayi, zoterezi bwanji osanena?"

Mayi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Osanena? Lolemba ndinati ndikangoponda, munati mapulagi. Lachinayi ndinati kaphokoso, munandiseka mawondo. Galimoto ya mlendo ikabwera mumamupatsa mpando n'kumufunsa kuti bwana yayamba liti, ikumveka bwanji. Ine chifukwa ndimakuchapirani ovolosi ndiye ndilibe makutu?"



Lolemba m'mawa galimoto inalira kamodzi n'kamodzi, bwino kuposa kale lonse. Mayi anaiyang'ana ali pakhonde, makiyi ali m'manja, kopita kulibe. Kabasi kaja kanadutsa pageti, ana aja ankawanyamula akumubayibitsa pawindo. A Sipanala anawerama ngati akufuna kanthu m'bokosi la zitsulo, ndipo anakhala choweramira mpaka kabasiko kanakhota. Banja lonse linaluza ntchito chifukwa cha funso limodzi limene mwini nyumba anaona kuti ndi lotsika kulifunsa. Akuluakulu sananame ayi: safunsa anadya phula.