Jiki pa Mbale za Mayi Bilkis

M'khitchini ya mayi Bilkis ku Wigston, ku England, munali kabati ya magalasi yodzaza mbale zakale za ku France. Zinali mbale zadothi za zithunzi zodinda: zina maluwa, zina mbalame, zina anthu akuvina pansi pa mtengo. Mayiwo anazisonkhanitsa ndi malemu amuna awo kwa zaka makumi atatu, m'misika ya zinthu zakale. Mbale iliyonse inkaonetsa ukalamba wake mosabisa. Pamwamba panali timing'alu ngati ukonde wa kangaude, m'timing'alumo munalowa mtundu wa tiyi, ndipo pakati panali mizere ya mipeni ya anthu amene anadyerapo zaka zoposa zana zapitazo. Odziwa amati kukongola kwa mbalezi n'komweko.

Jestina sanali mmodzi wa odziwawo. Anali wosamalira okalamba, kwawo ku Ntcheu, ndipo m'mawa uliwonse ankakwera mabasi awiri kuchokera ku Braunstone. Kampani inamutumiza kunyumbayi pa chifukwa chimodzi. Mayi Bilkis anali Mmwenye wobadwira ku Limbe, ndipo matenda oiwalaiwala atawagwira, Chingerezi chinawathawa. Chimene chinkatuluka pakamwa pawo chinali Chichewa cha paubwana. Osamalira atatu anali atakanika kale. Koma Jestina atangoti, "Mwadzuka bwanji, amayi?" nkhalambayo inamugwira dzanja osafuna kumusiya. Ntchito yotere ndi ya mwayi: nyumba imodzi tsiku lonse, ndi munthu woti ukamamusambitsa muzichezerana za mango a ku Bangwe. Jestina anawakonda mayiwo zenizeni, ndipo malowo sankafuna kuwataya.

Vuto lake linali limodzi. Analeredwa ndi mayi amene ankati mkazi amadziwika ndi kunsi kwa poto, ndiye banga lililonse ankaliona ngati chipongwe. Tsono mayi Bilkis ankadyera mbale imodzi yokha, ya mbalame ziwiri pa nthambi, imene inali ndi banga lofiirira m'mphepete. Asanadye ankaika chala chachikulu pabangalo n'kulisisita pang'onopang'ono. Munthu wodekha akanadabwa kuti zimenezi zikutanthauza chiyani. Jestina yankho anali nalo kale: mayiwa akuyesa kuchotsa litsiro.

Tsiku lina m'basi anakumana ndi a Cynthia, nesi wachikulire wa kumpingo kwawo, ndipo anawaonetsa chithunzi cha mbalezo pafoni.

"Taonani, anti. Nyumba yabwinobwino koma mbale ngati zodyera galu. Mawa ndizinyika mu jiki."

A Cynthia anakuza chithunzicho ndi zala. "Iwe, zinthu zoti zili m'kabati ya magalasi? Wacheka mu fayilo ya malangizo a kasamalidwe kawo? Mufonere kaye mwana wawo uja, mphindi imodzi sikulanda shifiti."

"A Khursheed? Ndifunse mwamuna katsukidwe ka mbale? Ine ndinayamba kutsuka mano a mkaka asanaguluke."

"Kunotu si ku Ntcheu, mwanawe. Kuno chinthu chakale amachilemekeza ngati gogo."

Jestina anangoseka n'kutsika pa siteji yake. Nambala ya Khursheed inali yomatidwa pa filiji, zilembo zake zikuluzikulu. Fayilo inali pamwamba pa filiji yomweyo. Kufunsa kukanamutengera nthawi yochepa kuposa kuwiritsa tiyi, koma munthu akadziona katswiri, makutu amasanduka zokongoletsa mutu.

Lachinayi masana, mayi Bilkis atagona, Jestina anadzaza sinki ndi madzi otentha, n'kukhuthuliramo theka la botolo la jiki. Anatulutsa mbale khumi ndi ziwiri m'kabati, ya mbalame ija poyamba. Anazinyika maola atatu, kenako n'kuzikwecha ndi waya wa mapoto, akuimba nyimbo ya kwaya. Zinatuluka zoyera mbee. Anaziyala patebulo n'kuima chapatali, manja m'chiuno, akudzitamandira yekha.

Nthawi ya chakudya anaika mpunga ndi mphodza pa mbale ya mbalame ija. Mayi Bilkis anatambasula dzanja monga mwa masiku onse. Chala chinazungulira m'mphepete kamodzi, kawiri, katatu.

"Iyi si mbale yanga."

"Ndi yomweyo, amayi. Ndangoitsuka kuti iwale."

"Mbale yanga ili kuti?"

"Taonani mbalame zanu izi, ziwiri zomwe zija."

Nkhalambayo inakankha mbaleyo, mpunga n'kumwazikira pansi. Inamuyang'ana Jestina ngati munthu wachilendo amene walowera pazenera. Tsiku limenelo sanadye. Lachisanu anamwa tiyi wokha, ndipo anakana kuti Jestina awasambitse. Jestina anayesa mbale ina, anayesa nyimbo, anayesa nkhani za ku Limbe, koma mayiwo anatseka pakamwa n'kutembenukira kukhoma. Foni ya kwa Khursheed anaiimba tsopano, madzi atafika m'khosi.

Khursheed anafika Loweruka m'mawa kuchokera ku Nottingham. Anali bambo wofatsa wa imvi zapatalipatali, wobadwira ku England, ndipo Chichewa ankangodziwa "zikomo". Anatsegula kabati n'kunyamula mbale imodzi. M'timing'alu tija munali mutatuluka kaufa koyera ngati mchere, ndipo atakhudza, kachidutswa ka pamwamba kanasendeka n'kutenga theka la duwa.

Analankhula m'Chingerezi, motsitsa mawu. Anati timing'aluto timamwa chilichonse, ndipo jiki akalowa pansi pa chonyezimira cha pamwamba pa mbale satulukanso, amangodya mbale kuchokera m'kati. Anatembenuza ya mbalame ija n'kumuonetsa chidindo cha fakitale ndi timadontho titatu pamene inatsamira poiwotcha, zaka zana limodzi ndi makumi anayi zapitazo.

"Koma zimenezo zisiyeni," anatero. "Bambo anga ankadyera mbale iyi tsiku lililonse. Amayi anaiwala nkhope yawo, chithunzi chaukwati amachidutsa ngati kalendala. Banga lija lokha ndi limene ankalidziwa. Akalikhudza ankakhulupirira kuti bambo adya kale, ndiye nawonso akhoza kudya."

Anatsitsa fayilo pa filiji n'kutsegula tsamba loyamba. Panali palembedwa ndi inki yofiira kuti mbale za m'kabati azitsuke ndi madzi ofunda okha, pamanja.

"Bwanji simunandiimbire?"

Jestina anafuna nthaka itang'ambika. Akanakonda bamboyo akanakalipa, chifukwa ukali umayankhika. Anangoti pepani, pepani, misozi ikugwera pa yunifomu. Ndi zoona, sanachite mwa nkhanza. Koma mtima wabwino subweza banga pa mbale.

Khursheed anali munthu wachilungamo, ndipo anayesetsa. Analowa naye kuchipinda chochezera, anagwada pafupi ndi mpando wa mayi ake, n'kuwauza m'Chingerezi kuti mtsikanayu ndi wabwino, wangolakwitsa. Mayi Bilkis sanamuyang'ane n'komwe mwana wawoyo. Maso awo anali pa Jestina, ndipo analankhula Chichewa chomveka bwino kuposa masiku onse.

"Iwe ndinakutenga ngati mwana wanga. Waba mbale ya amuna anga. Tsopano akabwera adyera pati? Choka m'nyumba mwanga, usadzapondenso."

Khursheed anatembenuka. "Akuti chiyani?"

M'nyumba monsemo munalibe wina womasulira. Jestina akanatha kunama, koma mayiwo anali ataloza chitseko, ndipo masiku awiri anali atapita osadya. Anamasulira mawu onse m'Chingerezi, limodzi ndi limodzi, mpaka lomaliza.

Khursheed anati mayi ake sangadye Jestina ali m'nyumbamo, ndipo aimbira kampani kuti itumize wina. Jestina anachotsa kiyi wa nyumbayo pa makiyi ake n'kumuika patebulo. Potuluka anati, "Tsalani bwino, amayi."

Lolemba kunabwera wosamalira watsopano, mayi waulemu ndithu koma wosadziwa liwu limodzi la Chichewa. Mayi Bilkis anayamba kulandira phala pa supuni, pang'onopang'ono, opanda womuuza kuti latentha kapena lachepa shuga. Zonsezi chifukwa cha funso limodzi limene munthu analiona lonyozeka kulifunsa. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.