Anyezi Wofiira wa a Lumo

M'kachipinda kometera muja munali mpando umodzi wozungulira, galasi long'aluka pakona, ndi benchi ya odikira imene inkamva nkhani zambiri kuposa bwalo la milandu. Mwini wake anthu ankangowatchula kuti a Lumo, chifukwa dzanja ndi lilime lawo zonse zinali zakuthwa. Koma chaka china ometetsa anayamba kuona zachilendo. Mutu usanathe, a Lumo ankazimitsa makina n'kuthamangira kuseri kukataya madzi, munthu n'kutsala pampando tsitsi lili mbali imodzi.

Chimene ankaopa ankachidziwa. Achimwene awo anamwalira ndi khansa ya pulositeti, kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo, ndipo nawonso anayamba chonchi. Nthawi imeneyo namwino anawauza kuti matendawa nthawi zina amatsata kumtundu, choncho adzabwere kudzayezetsa. Koma kayezedwe kake, ka dokotala wovala magolovesi n'kulowetsa chala kumbuyo, kanali nthabwala ya pabenchi paja, ndipo woseka kwambiri anali iwo omwe. Akanapitako ndi nkhope yanji?

Tsiku lina kuchipatala kunali maphunziro a abambo pa za matendawa. Akazi awo anawasitira malaya. A Lumo anayang'ana malayawo, n'kuitana mlamu wawo, mlongo wa akazi awowo, munthu wosowa chochita koma wa pakamwa pokoma.

"Alamu, makutu ndi amodzimodzi. Kandimverereni. Mukawauzenso kuti muli ndi mnzanu amene akukodza pafupipafupi."

Mlamu anabwerako nkhope ili ngwee.

"Nkhani ndi yabwino, alamu! Akuti m'zomera muli tinthu tina, mafulavonoidi. Timapezeka mu anyezi, malalanje, maapozi, soya, ngakhale tiyi. Odya zimenezi khansa imawalambalala."

"Basi?"

"Zinazo zinali zongotalikitsa nkhani."

A Lumo sanafunse kuti zinazo zinali zotani. Mtima unakhala pansi, ndipo sanafune kuudzutsanso.

Kuyambira pamenepo nyumba inasanduka msika. Anyezi wofiira ankamutafuna wosaphika, moti ometetsa ndevu ankagwira mpweya mpaka maso kutuluka misozi. Makoko a malalanje ankasesedwa pamodzi ndi tsitsi. Aliyense wokhala pampando ankalandira ulaliki waulere. Akazi awo akati, "Bambo, kudya mukudya bwino, koma kukaonana ndi adokotala bwanji?" iwo ankayankha kuti dokotala wawo ali mudengu.

Miyezi inapita. Kenaka msana unayamba kuwawa, ululu wa mkati mwa fupa wosamva kutikita. Tsiku lina akuwerama kuti akonze m'mbali mwa khutu la munthu, ululu unawabaya, dzanja lija limene silinaphonyepo linatsetsereka, magazi n'kudontha pakolala. Akazi awo sanasitenso malaya. Anangowagwira mkono n'kupita nawo kuchipatala.

Dokotala anali mayi wofatsa. Atawayeza, ndipo zotsatira zitatuluka, anawauza kuti khansa yafika m'mafupa.

"Koma ine ndimadya mafulavonoidi tsiku lililonse," anatero a Lumo.

"Musasiye, bambo, zakudyazo n'zabwino. Ofufuza ena akuona ngati zingachepetseko chiopsezo cha khansa zina, monga ya m'mawere ndi yanuyi, koma sanagwirizane chimodzi. Ndipo kuchepetsa chiopsezo si kuchiza chimene chayamba kale. Mankhwala oiletsa kuthamanga alipo. Mukanabwera msanga tikanakamba zoichotsa."

Mlamu atabwera kudzazonda, anakhala kumapeto kwa mpando, chipewa chili m'manja.

"Achipatala ananenadi, alamu," anatero asanafunsidwe. "Anati mnzanuyo abwere mawa lomwe. Koma mmene munandiyang'anira tsiku lija, ndinaona kuti mukufuna za malalanje."

A Lumo anafuna kukalipa, koma mkwiyo unasowa pogwira. Pa anthu onse, anasankha dala mthenga amene sankatha kukhumudwitsa munthu. Anamva chisoni chachikulu, ndipo anayang'ana akazi awo amene anali kusenda lalanje mwakachetechete.

Masiku ano amameta m'mawa mokha, atakhala pa kampando kakatali. Anyezi sanamusiye, koma nthabwala ya magolovesi inatha pabenchi paja. Tsiku lina bambo wina wa imvi, ali pampando, ananong'ona kuti mkodzo ukumuvuta, ndipo atuma mayi a kunyumba akamufunsire kuchipatala. A Lumo anazimitsa makina, mutu uli mbali imodzi.

"Mbali inayi ndidzamaliza mukabwerako nokha, achimwene."

Bamboyo anaseka, koma a Lumo sanaseke. Anapachika makina pamsomali, n'kumuvula nsalu ya pakhosi. Iwo anali atalipira ndi mafupa awo kuti adziwe zimene akuluakulu ananena kalekale: kandimverere anakanena za m'maluwa.