Nkhokwe Imene Gwedeza Anamata

Kalekale, agogo a agogo anu asanamere mano, panali mudzi wina kuseri kwa phiri. Iwe wakhala patali wekhawe, sendera kuno. Nthano iyi samvera uli kumapeto.

Pakati pa bwalo la mudziwo panali nkhokwe yaikulu. Sinali ya mfumu, sinali ya banja limodzi. Inali ya onse. Pokolola, nyumba iliyonse inkathiramo dengu limodzi, ndipo m'munsi mwake munali kakhomo kotapira.

Ankatapa ndani? Ankatapa mayi Nangondo, amene ankalera ana amasiye a mudzi wonse. Ankatapa osamala odwala ndi nkhalamba. Ankatapanso Dzimbiri, woimba bangwe, munthu wamtali ngati nsungwi, amene khasu linkamukana.

Musaseke! Dzimbiri sankadya zaulere. Kupempha kumachititsa manyazi, ana inu. Choncho tsiku lotsekula kakhomo, iye ankakhala patsinde pa nkhokwe n'kuyamba kuimba:

"Dengu lapita, dengu labwera,
wasenza ndani? Sitinaone!"

Mudzi wonse unkatuluka ukuvina, aliyense dengu pamutu. Fumbi koboo! M'fumbimo sunkadziwa kuti wothira ndani, wotapa ndani. Wosowa ankabwerera kwawo osazyolika.

Wosunga nkhokweyo anali Gwedeza. Iyeyu anakulira m'manja mwa Nangondo, pakuti makolo ake anafa ndi njala iye akukwawa. Sanali wouma mtima, ayi. Anali wamantha. Mitambo ikangochedwa pang'ono, iye tulo tinkamuthawa.

Chaka china mvula inadula chimanga chikumasula. Anthu anakolola tochepa. Koma nkhokwe ya onse inali yodzaza ndi chimanga cha chaka chatha. Gwedeza anaiyang'ana, nati mumtima, "Tikatapa lero, nanga mawa? Njala yeniyeni sinafike."

Anakanda dothi la pachulu. Anamata kakhomo. Anamata m'mbali. Anamata mpaka pamwamba, osasiya ngakhale polowa mpweya.

Nangondo anabwera ndi dengu lake.

"Mwanawe, ana agona ndi njala."

"Pepani amayi, njala yeniyeni sinafike. Mubwere mawa."

Dzimbiri anabwera ndi bangwe wake.

"Achimwene, tiimba liti?"

"Nyimbo sadya! Njala yeniyeni sinafike."

Mawa lake Nangondo anabweranso. Mkuja wake anabweranso. Yankho linali lomwe lija. Potsiriza anaika dengu lake patsinde pa nkhokwe, nati, "Lizikudikira pano, mwanawe. Ine miyendo yatopa."

Mwezi unakhala, mwezi unafa. Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, mudzi uli zii, agalu omwe osauwa, Gwedeza anamva kaphokoso.

Kukutu. Kukutu. Kukutu.

Anaika khutu pakhoma la nkhokwe.

"Ndani m'menemo?"

Kamawu kakang'ono, konga ka mwana, kanayankha. "Ndine. Zikomo ponditsekera."

"Ukuchita chiyani?"

"Ndikudya zosunga. Zikatha, ndidya wosunga."

Gwedeza thupi lonse linachita tsemwe. Mukuganiza kuti anakauza anthu? Ayi ndithu! Anathamangira kuchulu, anakanda dothi lina, namata pamwamba pa dothi lakale. Mantha ndi otero, amakuuza kuti uthire nkhuni pamoto umene ukukuwotcha.

Patapita masiku, anabweranso dzuwa lili paliwombo.

Kukutu! Kukutu! Kukutu!

Tsopano khoma linali litatupa. M'ming'alu munkatuluka fumbi loyera, lonunkha chuku. Mawu sanalinso a mwana, anali a munthu wamkulu.

"Ndafika pakati, Gwedeza."

"Mayo ine! Dzina langa wakuuza ndani?"

"Ndikudya zosunga. Zikatha, ndidya wosunga."

Gwedeza anathawira m'nyumba, natseka chitseko. Koma kutafuna kuja kunkamveka ngakhale atafunda kumutu. Kudya osadya, kumwa osamwa.

Tsiku lina anatuluka monyang'ama. Nsanamira za nkhokwe zinkalira, tswa, tswa. Pamng'alu waukulu panali diso. Diso lofiira ngati khala, lalikulu ngati mbale, likumuyang'ana osaphethira. Mawu anagunda ngati ng'ombe yamphongo.

"Ndatsala pang'ono. Usavutike kuthawa. Fungo lako ndikulidziwa, zala zako zili pakhoma ponseponse."

Gwedeza anagwa chagada. Ali pansi pomwepo, anafunsa, "Nanga zaka zonsezi unali kuti?"

Chinthu chija chinaseka, denga n'kugwedezeka.

"Ndinali momwemuno, wochepa ngati nyerere. Ndikati ndilume, dengu latenga. Ndikati ndilume, dengu latenga. Koma iwe ndiwe mnzanga. Wandinenepetsa."

Pamenepo maso a Gwedeza anatseguka. Anatola khasu. Anakhapa pakakhomo. Anakhapa, anakhapa, dothi n'kugumuka. Mpweya wotentha unamuwomba kumaso, ndipo chimanga chinayamba kutsika. Choyamba anadzaza dengu la Nangondo, limene linali pomwe paja. Kenako anafuula.

"Bwerani mudzatape! Bwerani, anthuni!"

Zii. Anthu ankangosuzumira pazitseko. Ena ankaopa mawu aja. Ena ankachita manyazi. Ndani angadutse pabwalo yekhayekha, dengu lopanda kanthu pamutu, mudzi wonse ukumuona? Gwedeza anayesa kutapa yekha ndi manja, koma mutu umodzi susenza denga. Pamwamba pake kutafuna kunkangopitirira.

Anathamangira kwa Dzimbiri. Anamupeza ali gone pamphasa, nthiti zikuwerengeka, bangwe ali pambali.

"Achimwene, dzukani mukaimbe! Chilombo chindidya!"

Dzimbiri anamuonetsa bangwe uja. "Nsambo ndinamasula, ndinatchera mbewa. Paja munati nyimbo sadya. Yatsala imodzi yokhayi."

Gwedeza anagwada. "Ndinalakwa, achimwene. Imodzi yomweyo."

"Kuyenda sindingathe."

"Ndikuberekani!"

Anamubereka ngati khanda, miyendo yaitali ija ikukhukhuluzika pansi. Anamukhazika patsinde pa nkhokwe. Diso lija linatembenuka, n'kuyang'ana Dzimbiri. Fumbi loyera linkamugwera kumutu. Zala zake poyamba zinaphonya nsambo. Kachiwiri zinaigwira.

Ndiii. Ndiii. Ndiii.

Ndi mawu osasa anayamba:

"Dengu lapita, dengu labwera,
wasenza ndani? Sitinaone!"

"Khala chete!" chinabangula chilombo.

Dzimbiri anatsinzina, naimbabe. Chitseko china chinatseguka. Mayi wina anatuluka, phazi likugunda pansi lokha. Wina anatsatira. Winanso anatsatira. Posakhalitsa bwalo lonse linadzaza, aliyense dengu pamutu, akuvina uku akulira ndi mantha. Fumbi koboo!

Dengu linatenga. "Siyani! N'changa!" Mawu anali a ng'ombe.

Madengu anatenga. "Siyani, inu!" Mawu anali a munthu.

Anatenga, anatenga, anatenga. "Ndisiyireniko..." Mawu anali a mwana.

Kenako zii.

Gwedeza anasuzumira pakakhomo. Chimanga chabwino chinali chitapita ndi anthu. Munatsala fumbi lokhalokha, mulu waukulu, chakudya chimene chikanadyetsa mudzi mpaka masika. Pamwamba pa fumbilo pankayenda nankafumbwe mmodzi, wochepa ngati nyerere. Anagwera pansi. Nkhuku inali kudutsa, inangojompha, n'kumapita.

Anthu anabalalika, aliyense ndi katundu wake. Gwedeza anapuma, nati wapulumuka. Koma potembenuka anaona dengu limodzi lili pomwe paja, lodzaza, lopanda wolisenza.

Chapatali kunkabwera ana amasiye aja, atandondozana, wamkulu patsogolo. Anali mtsikana. Anafika, naima pafupi ndi dengulo.

"Amayi ali kuti?" anafunsa Gwedeza.

"Tikapeza kanthu ankatipatsa tonse, iwo ankati akhuta," anatero mtsikanayo. "Lero sanadzuke. Dzulo anati tikamva nyimbo tidzatenge dengu lawo, akuti inu mudzalidzaza ndithu, chifukwa ndinu mwana wawo."

Gwedeza anakhala pansi, nalira. Analira kuposa m'mene analirira poopa chilombo. Atatha, anasenza dengulo yekha, ana ali pambuyo, mpaka kunyumba imene anakuliramo. Sanachokenso m'nyumbamo. Ana aja anawalera onse, ndipo atakula, aliyense ankabwera pokolola ndi dengu lake kudzathira. Gwedeza anamupezeranso Dzimbiri nsambo zatsopano. Nkhokwe ija sinamatidwenso, ndipo mwezi sunkafa kakhomo kasanatsekulidwe.

Iwe wandigwira mwendowe, ndisiye, chilombo chinadyedwa ndi nkhuku. Nthano yanga yapsa, ndaiphula, yathera pompa. Chosunga ndi mantha chimanenepetsa nankafumbwe, koma kupatsa ndiko kuika.