Nkhwangwa Yakuthwa ya Kadzamira

Mwambi uliwonse uli ndi kwawo, ana inu, ndipo wa lerowu kwawo ndi kumudzi wina wa m'chigwa, m'mphepete mwa mtsinje wa Kanjedza.

Anthu a kumeneko anali ndi mwambo wawo. Tsiku loyamba la chaka ankasonkhana pansi pa mkuyu, aliyense n'kuimirira kunena chimene watsimikiza kuchita m'chaka chatsopanocho. Wina ankati asiya mowa, wina afolera nyumba, wina ayanjana ndi mlamu wake. Zambiri mwa izi zinkaiwalika chimanga chisanamasule.

Katswiri wa tsikuli anali Kadzamira, munthu amene Mulungu adamudalitsa pakamwa. Chaka ndi chaka lonjezo lake linali lomwelomwelo: kusamuka m'chigwamo kupita kumtunda, poti mtsinje unkadya gombe pang'onopang'ono kulunjika pankhokwe yake. Akati, "Tiyeni, abale, tiyeni!" anthu ankaomba m'manja mpaka kuwawa. Pofika kunyumba ankanola nkhwangwa yodulira mitengo ya nyumba yatsopanoyo, n'kuitsamiritsa pakhoma. M'mudzi monse munalibe nkhwangwa yakuthwa ngati imeneyo. Munalibenso ina yosadziwa mtengo ngati iyo.

Mkazi wake, Nangondo, ankaomba nawo m'manja, koma mtima uli m'mwamba. M'nkhokwemo ndi m'mene munali chimanga chofikitsa ana awo ku zokolola, ndipo madzi akanachitenga, kunalibe kopempha, poti miyezi imeneyo aliyense amalira yake njala.

Chaka china, mwamuna wake ali pakati polankhula, Nangondo anaona mayi wina wamasiye, Nasiketi, akudutsa kuseri kwa gulu atasenza mtengo, osacheuka n'komwe. Apo m'pamene anakumbukira kuti mayiyu anali asanaimirirepo pamkuyu kunena kanthu. M'mawa mwake anamuonanso, ulendo uno atasenza mtolo wa udzu. Kodi akupita nazo kuti? Pachitsime amayi anali ndi mayankho okwanira mudzi wonse. Ena ankati wapeza mwamuna kumtunda, ena ankanong'ona za ufiti. Nangondo sanakhutire. Chidwi chinamuyabwa ngati chitedze, mpaka tsiku lina anasiya mtsuko panjira n'kumutsatira chapatali.

Pamwamba pa chitunda anapeza kanyumba koima kale, kofoleredwa mbali imodzi, Nasiketi ali padenga akumanga udzu ndi luzi.

"Anasiketi, ntchito yonseyi bwanji simunainene pamkuyu paja?" anafunsa Nangondo.

Nasiketi anaseka pang'ono, luzi lili kumano. "Ine ndimadzidziwa, anzanga. Ndikangonena, mtima umakhuta ngati ndamanga kale. Anthu akandiombera m'manja, mtengo ndiusenzerenji?"

Mawu amenewa anatsika naye chitundacho. Nangondo atafika kunyumba anafunsa mwamuna wake tsiku loyamba kudula mitengo. Kadzamira anati mvula iyambe yadukiza. Itadukiza, anati nthaka iyambe yauma. Itauma, anati munthu sasamuka yekha ngati wothamangitsidwa, adikire anzake. Ndipo anzakewo nawonso ankadikira iye.

M'mawa wina Kadzamira anali pakhonde, akunola nkhwangwa ija uku akuuza amuna anzake awiri kuti tiyeni, nthawi yakwana. Nangondo, amene anakhala pamphasa akumvetsera, anangoti vundumuku! Anatenga dengu, nalidzaza chimanga, n'kuyamba ulendo wa kumtunda osanena kanthu. Amunawo anaseka, Kadzamira namufuulira kuti mudzi susamuka ndi dengu. Nangondo anapitiriza ulendo wake. Ndi mitengo imene inatsala kwa Nasiketi anaimika chisakasa, ndipo tsiku lililonse akachoka kumunda ankakweza dengu limodzi. Khosi linkawawa, manyazi analiponso, koma sanaleke.

Madzi anabwera masana dzuwa likuwala, mvula itagwa kumapiri kutali. Kunamveka mkokomo, kenako mtsinje unasefukira, wofiira ndi matope. Nangondo anali kumtunda ndi ana, ndipo anaona ndi maso ake gombe likugumuka, nkhokwe n'kupendekeka, n'kupita ndi chimanga chimene chinali chisanakwezedwe. Nyumba inatsatira. Analira, chifukwa m'nyumba imeneyo ndi m'mene anabadwira ana ake onse.

Patapita kanthawi Kadzamira anatulukira, matope mpaka m'chiuno. Pa katundu yense wa pakhomo anapulumutsa chinthu chimodzi, nkhwangwa. Anaima pakhomo pa chisakasa, nayang'ana mulu wa chimanga umene mkazi wake anakweza ndi mutu.

Nangondo anapukuta misozi, namulozera kunkhalango. "Bambo a ana, mitengo ndi iyo. Kunola kuja kwakwana."

Tsiku limenelo nkhwangwa ya Kadzamira inalawa mtengo koyamba. Chimanga cha m'chisakasa chinali chochepa, moti ankadya kamodzi patsiku, koma ana anafika ku zokolola ali moyo.

Kuyambira pamenepo akulu amati, "Tiyenitiyeni sachoka, achoka ndi vundumuku." Tanthauzo lake ndi lakuti wokonda kulengeza zimene adzachite kawirikawiri amathera pakamwa pomwepo, pamene wongodzuka n'kuyamba, ngakhale ndi dengu limodzi, ndiye amafika. Kulonjeza chaka chikamayamba si kulakwa ayi. Koma mukalonjeza, ana inu, dzifunseni kuti dengu loyamba mulisenza liti, chifukwa mtsinje sumva za m'manja zimene anakuomberani pamkuyu.